Mbali ya Achimwene

Anthu amakonda kunena kuti mizimu imayenda usiku. Otero sanakhalepo ku Ntaja mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, nkhuku zitayasama kukamwa pansi pa nkhokwe, msewu wonse uli zii. Zimene ndikufotokozereni pano zinachitika masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali maso, ndipo mwini nkhaniyi akadali moyo. Mukamufunsa lero amangoseka n'kuyamba kukamba za mvula.

Dzina lake ndi Twaibu Mdoka, mlangizi wa zaulimi. Ntchito yake inali yoyenda pa njinga yamoto m'midzi kuphunzitsa anthu kupanga manyowa, koma mtima wake wonse unali ku nyimbo. Anali ndi kiyibodi yakale yoguluka mano awiri, laputopu, ndi mayiki imodzi yomangidwa ndi mphira. Kutchuka ayi, sanatchuke. Omvera nyimbo zake anali iye mwini, mkazi wake Abiti Jafali, ndi mbuzi za oyandikana nawo, ndipo mwa onsewa amene sankadandaula ndi mbuzi zokha.

Chaka chimenecho, mvula ili pakati, mkulu wake Che Kassimu anamwalira kumudzi atadwala miyezi isanu. Pogawa katundu ena anatenga njinga, ena makasu. Twaibu anapatsidwa thumba la mangolongondo, poti panalibe wina wolifuna.

Kwa amene simunawaonepo, mangolongondo ndi zipika zosemedwa bwino, zoyalidwa pa mathunthu awiri a nthochi, ndipo amazimenya ndi ndodo zazifupi. Munthu mmodzi saimba. Awiri amakhala moyang'anizana, wina uku wina uko. Woyamba amayala nyimbo n'kumasiya mipata, mnzake amagwetsera mawu ake m'mipatamo, mpaka womvera sathanso kudziwa kuti dzanja ili ndi la yani. Ali ana, Twaibu ndi Kassimu ankaswera m'munda m'munsi mwa phiri la Chikala kuingitsa anyani ndi zipika zomwezi. Bambo awo, amene anazisema, anawasiyira nyimbo imodzi yosaimbidwa kwina kulikonse, yotchedwa Tsika Nyani. Twaibu, poti anali wamng'ono, ankayala. Kuyankha, komwe ndiko kovuta, kunali kwa achimwene.

Che Kassimu anamuitana kangati? "Iwe, bwera mbali ino ndikuonetse." Twaibu ankati abwera akalemba mayeso. Atalemba mayeso anati akapeza ntchito. Atapeza ntchito anagula kiyibodi, ndipo zipika zoingitsira anyani zinayamba kumuchititsa manyazi. Zengerezu analinda kwawukwawu. Tsopano nyimbo ya bambo ake inali itatsala theka, theka linalo litalowa m'manda, ndipo iye akadzatsikira kuli chete ndiye kuti Tsika Nyani yathera pomwepo. Zimenezi zinkamudya mumtima, ndipo ine sindimuikira kumbuyo, zinayenera kumudya.

Koma Twaibu anali ndi nzeru yake. Ankadziwa kuti pa kompyuta munthu mmodzi amatha kujambula mbali imodzi ya nyimbo, kenako n'kuimbira ina pamwamba pake. Anaganiza kuti akajambula mbali yake yoyala, n'kumaimvera mobwerezabwereza, mwina makutu adzakumbuka zimene achimwene ankaika m'mipata muja. Chosowa chinali pulogalamu yojambulira. Choncho atatenga tchuthi ku ntchito, anakwera njinga yake ulendo wa ku Liwonde kwa a Fanuel Chikaonda, amene anali ndi kasitudiyo kuseri kwa sitolo ya nsalu, komwe makwaya a dera lonselo ankajambulitsa.

"Mapulogalamu alipo ambiri, bambo Mdoka, ngati mitundu ya nyemba," anatero a Chikaonda. "Nkhani ndi yakuti inuyo mukufuna izikuchitirani chiyani."

"Yabwino kwambiriyo basi."

"Aliyense amatero." A Chikaonda anaseka, n'kumuikira atatu pa fulashi. "Muyese nokha. Iyi yachikasu ndi imene akukonda achinyamata, imawongola nyimbo yokha, ngakhale woimbayo akhale woledzera. Iyi yakuda imachapa phokoso. Mutha kujambula pakati pa msika, itulutsa ngati munali m'tchalitchi. Yotuwayi ndangokuikirani chabe. Ndi yachikale, ilibe nzeru. Chimene yamva, yasunga chomwecho."

Twaibu anabwerera kwawo atasankha kale mumtima kuti yotuwayo sadzaitsekula n'komwe. Munthu wophunzira ngati iye, agwiritse ntchito chinthu chopanda nzeru?

M'mawa mwake anadula mathunthu awiri a nthochi, nayala zipikazo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anaika ndodo zonse zinayi mbali yake, n'kulowa m'nyumba kukatenga laputopu. Potuluka anapeza mbali yake kuli ndodo ziwiri. Ziwiri zinazo zinali mbali inayo, zitagonekedwa bwinobwino moyandikana.

"Abiti, mwandisunthira ndodo?"

"Ine ndili kuno ndi mpunga wanga," anayankha mkazi wake ali pakhonde la khitchini, lichero lili m'manja.

Twaibu sanazitengere. Anatsekula pulogalamu yachikasu ija, navala mahedifoni. Pulogalamuyo inali ndi kawotchi kogogoda m'makutu kuti ko, ko, ko, kuti woimba asathamange kapena kutsalira. Anayala Tsika Nyani motsatira kawotchiko, makutu atatsekeka, osamva china chilichonse cha kunja. Atamaliza, pulogalamuyo inawongola nyimboyo monga analonjezera a Chikaonda. Koma poimvera, sinali Tsika Nyani. Zinkangomveka ngati mmisiri akukhoma malata.

Ali m'kati mokanda mutu, anamva belu la njinga kumpanda. Anali bambo wina wachilendo, wogulitsa makala, matumba awiri ali pa keliyala, thukuta lili kamukamu.

"Odi kuno! Pepani, sindikugulitsa ayi, ndangoti ndipereke ulemu," anatero bamboyo. "Ndayamba kumva ndili uko pa mlatho. Zimenezi ndinazimva komaliza ndili mwana. Koma awiri inu mumadziwana manja! Anzanuwo alowa m'nyumba?"

"Ndili ndekha, bambo. Ndi kompyuta iyi."

Wamakalayo anayang'ana laputopu, nayang'ana zipika, kenako anayang'ana pansi mbali inayo nthawi yaitali ndithu. Kumwetulira kunamuthera. Anati, "Chabwino, tsalani bwino," n'kukankha njinga yake osakweranso mpaka anakhota pa ngodya. Twaibu anaseka umbuli wa anthu. Kuseka kunamuthera madzulo akudya, atakumbukira kuti nthawi yonse ija kompyuta sinkatulutsa mawu kunja. Inkangolankhula m'makutu mwake.

Tsiku lachiwiri anayesa yakuda. Ndodo anazipezanso zitagawidwa, ziwiri uku ziwiri uko, ndipo ulendo uno sanafunse munthu. Mu mtengo wa mangowo munali nyenje zomwe nyengo imeneyo zimalira osapuma mpaka mutu kuwawa. Atangokweza ndodo, asanavale mahedifoni, nyenje zonse zinasiya nthawi imodzi. Mbuzi za oyandikana nawo, zomwe masiku onse zinkabwera kudzatola mango akugwa, zinaima kumpanda zitatukula makutu, osalowa. Twaibu anaona zonsezi, koma munthu akafuna kusamva amakhala ndi njira zake. Anakanikiza mahedifoni m'makutu n'kuyamba kuimba.

Ali pakati pa nyimbo anakweza maso. Abiti Jafali anali ataima pakhomo la khitchini, mpunga ukukhuthuka m'lichero kugwera pansi, nkhuku zikudya pamapazi pake iye osaziingitsa. Sankayang'ana mwamuna wake. Ankayang'ana mbali inayo ya zipika.

Pulogalamu yakudayo inachapadi. Inachotsa mphepo, tambala, galimoto ya pamsewu, zonse. Zotsalazo zinali zoyera koma zozizira, zopanda moyo, ndipo Twaibu anazimvera kamodzi kokha n'kutseka.

"Bambo a Shakira," anatero mkazi wake chapansipansi, "mawa muimbe osavala zam'makutuzo."

"Chifukwa?"

"Mungoimba osavala basi."

"Mwaona chiyani, Abiti?"

"Sindinaone kanthu. Ndikanaona bwenzi ndathawa." Anawerama n'kuyamba kutola mpunga wake. Twaibu anapita kukasonkhanitsa ndodo. Mbali inayo, pomwe m'mawa panali posesedwa bwino, fumbi linali litaphwanyika malo amodzi, monga zimakhalira pamene pakhala munthu wopinda miyendo.

Mwamuna akauzidwa chinthu ndi mkazi wake, amayamba wachita chosiyana nacho kuti aoneke kuti mutu wa banja ndi iye. Tsiku lachitatu Twaibu anavalabe mahedifoni, ngakhale pulogalamu yotuwa ija, yomwe inali itatsala yokha yosayesedwa, inalibe kawotchi kogogoda. Inalibe chilichonse, kupatula batani lofiira lojambulira ndi lina loimitsira. Anaimba Tsika Nyani mwa liwiro lake la kumunda, mothamanga apa, mokoka apo, monga manja ankaikumbukira. Kenako anaimvera.

Nyimbo inali yomweyo, yake yeniyeni. Mphepo inkamveka, tambala ankamveka, ngakhale kupuma kwake. Koma pakati pa kumenya kwake panali china. Mawu onse ankaduka, kamphindi kakang'ono kwambiri, ngati wina waphimba mayiki ndi chikhatho n'kuchotsanso. Kuduka, kubwerera, kuduka kawiri, kubwerera. Anaganiza kuti chingwe chawonongeka, nachisintha, najambulanso. Kudukako kunabwera malo omwewo.

Masana omwewo anali ku Liwonde. A Chikaonda anaika nyimboyo pa kompyuta yawo yaikulu, pomwe mawu amaoneka ngati mzere wa timapiri. Anaukulitsa mzerewo, nayandikitsa nkhope.

"Ichi si chingwe, bambo Mdoka. Chingwe chikamavuta chimaduka paliponse. Apa taonani, sipakuduka pamene inu mwamenya, ngakhale kamodzi. Pakudikira kuti mumenye kaye." Analoza ndi cholembera. "Ndiponso mayiki, ingakhale yakufa, imasiya kamphepo. Apa palibe kanthu. Mphepo yaduka, tambala waduka pakati pa kulira."

"Nanga mapulogalamu ena aja bwanji sanaonetse?"

"Yachikasu inakoka mawu anu n'kutseka mipatayi, poyesa kuti mwalakwitsa. Yakuda inasalaza. Iyi poti ilibe nzeru yangosiya mmene zinalili."

Kenako a Chikaonda, poti ndi munthu wa nyimbo, anachita chinthu osaganiza. Anaibwereza nyimboyo, n'kumagogoda pa tebulo ndi chala paliponse pomwe mawu aduka. Anagogoda kamodzi, kawiri, n'kulowa m'kayendedwe kake. Twaibu anatchera khutu. Kugogodako ankakudziwa. Anakula nako, m'munda, dzuwa likuwotcha pamsana, anyani akukuwa m'phiri.

"Siyani," anatero. "Chonde siyani."

A Chikaonda anabweza chala n'kuchipukuta pa thalauza. "Ndajambula makwaya zaka khumi ndi zisanu, koma izi sindinazionepo. Mbali inayo kumakhala ndani?"

"Kunkakhala achimwene."

A Chikaonda sanafunsenso. Anazula fulashi n'kumupatsa ndi manja awiri, namuperekeza mpaka pa njinga, chinthu chomwe sankachitira ngakhale abusa. Atafika kunyumba, Twaibu anafufuta yachikasu ndi yakuda mu laputopu. Kusankha kunathera pamenepo.

Tsiku lachinayi anasesa yekha pansi pa mango. Mahedifoni anawasiya m'nyumba. Analumikiza kasipika, naika nyimbo yake yoyala ija kuti izizungulira yokha, ikatha iziyambiranso. Ndiye anakhala mbali yake, manja ali pa mawondo, opanda ndodo. Abiti Jafali anakhala pakhonde atafunda chitenje kumutu, milomo ikuyenda ndi mapemphero.

Nyenje zinasiya. Sipika inayala mzere woyamba, mipata ili pululu. Inayala wachiwiri. Pa wachitatu, chipika chakumapeto chinalira.

Sichinalire mu sipika ayi. Chinalira pomwepo, patsogolo pake, mtengo weniweni, ndipo kafumbi kanadumpha pamwamba pake. Chinatsatira china, kenako china. Ndodo ziwiri zija zinali pansi osasuntha. Koma zipika zinkanjenjemera chimodzichimodzi, ndipo mawu ankagwera m'mipata mwake ndendende, mofewa poyamba, kenako mwamphamvu, mpaka theka lija ndi theka linzake zinalumikizana. Tsika Nyani inaimirira yathunthu pansi pa mtengo wa mango, koyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu.

Mantha analipo, ndisaname. Koma chimene chinamudzaza kwambiri Twaibu sanali mantha. Anali ataiwala kuti nyimboyo ndi yokoma chotero. Anali ataiwala kuti pakati pake pamatuluka mawu ena achitatu, omwe sakuimbidwa ndi uyu kapena uyo, ongobadwa okha manja awiri akakumana. Bambo ake anapeka bwanji chinthu chotere, munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake? Misozi inayamba kutsika yokha.

"Achimwene," anatero.

Zipika zinasiya. Sipika inapitiriza yokha. Twaibu anayang'ana mbali inayo, ndipo anaona kuti malo ophwanyika fumbi aja sanalinso pakati. Anali atasunthira kumbali, kusiya danga loti n'kukhalapo munthu wina.

Anadzuka mwapang'onopang'ono, nazungulira zipikazo, nakhala pa dangalo. Phewa lake lakumanzere linazizira ngati wakhala pafupi ndi mtsuko wa madzi. Sanatembenuke kuti aone, ndipo masiku onse otsatirawo sanayesepo kutembenuka. Anatola ndodo ziwiri zija.

Maphunziro ake anali otere. Chipika chikanjenjemera, iye amenye chomwecho. Akaphonya, zipika zonse zinkakhala chete mpaka sipika izungulire kufika pomwe waphonyapo, ndiye n'kuyambiranso. Panalibe kukalipa. Che Kassimu ali moyo anali munthu wa mtima wapachala, woti ukalakwitsa kawiri ndodo yoimbira ija inkatera pa chala chako, koma uyu anali wodekha modabwitsa. Dzuwa likapendeka pang'ono, nyenje zinkayambiranso, phewa linkafunda, ndipo Twaibu ankadziwa kuti zalero zatha.

Mbiri inamveka. Anthu odutsa ankaima kumsewu, koma palibe analowa kumpanda. Amayi opita kumjigo ankatsitsa mawu podutsa. Mkulu wina wa kumzikiti anabwera tsiku lina kuti adzalankhule naye, koma anafika nyimbo ili m'kati. Anaima pa geti mpaka inatha, napukuta m'maso ndi mpango, n'kubwerera osanena chimene anadzera.

Pofika tsiku lachisanu la maphunzirowo, manja a Twaibu anali atagwira pafupifupi zonse. Panatsala malo amodzi chakumapeto, pomwe dzanja lamanzere limadumpha zipika ziwiri n'kubwerera. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapagwira pamenepo, kamodzi, mwangozi. Nthawi yomweyo anamva kuzizira kwa paphewa kuja kukuchepa, ngati munthu akukonzeka kudzuka. Pozungulira ulendo wotsatira, anamenya chipika cholakwika.

Zipika zinakhala chete, zinadikira, zinayambiranso. Kuzizira kunabwerera.

Mawa lake anaphonyanso pomwepo. Mkuja wake chimodzimodzi. Ankadziuza kuti malowo ndi ovuta, koma mumtima ankadziwa zimene akuchita. Zaka zonse zija achimwene ali moyo ankapita kumudzi kawiri pa chaka, kukakhala ola limodzi njinga osaizimitsa bwino n'komwe. Tsopano anali nawo paphewa tsiku lililonse, ndipo sankafuna kuti zithe. Ndani wa ife akanachita mosiyana?

Koma nyimbo inayamba kusintha. Mawu oyankha aja, omwe poyamba ankamveka mpaka pa mlatho, tsopano ankangofika pakhonde. Nthawi zina ankachedwa kulowa, sipika n'kuzungulira kanayi, kasanu, chipika chisanalire. Kafumbi sikankadumphanso. Tsiku lina pakati pa nyimbo panamveka kamawu kena kochokera kumanzere kwake, kosakhala ka mtengo, kokhala ngati mpweya wotuluka movutikira. Twaibu anachita ngati sanamve, ndipo atafika pa malo aja anaphonyanso.

Madzulo a tsiku limenelo, akuchotsa mathunthu a nthochi omwe anali atafota kuti aikepo ena, mkazi wake anabwera n'kuima patsogolo pake.

"Bambo a Shakira, ine khutu la nyimbo ndilibe, koma maso ndili nawo. Dzanja lanulo likumafika pa chipika choyenera, inu n'kulibweza dala."

"Abiti, zimenezi simungazimvetse."

"Zoimba sindingazimvetse. Koma kudwazika ndikukudziwa. Amene ankawatembenuza alamu angawo pa mphasa ndine, inu muli ku misonkhano ya manyowa. Kupuma kumene kwamveka lero kuja ndikukudziwa, ndinakumva miyezi isanu." Anakhala pansi pafupi naye, natsitsa mawu. "Munthu anavutika, Mulungu wamupumitsa. Ndiye inu muzimudzutsa tsiku ndi tsiku, dzuwa lonseli, kuti adzakuphunzitseni chinthu chimene mwachigwira kale? Simukumva kuti atopa?"

Twaibu anakanda thunthu la nthochi ndi chikhadabo.

"Ndikaigwira sadzabweranso," anatero pamapeto pake.

"Nanga abwerera chiyani? Mlendo ndi mame, bambo. Ali moyo munawadikiritsa. Musawadikiritsenso ali uko."

Mawu amenewo anamulasa, poti anali oona. Anangonyamula mathunthu ofotawo n'kukawataya kudzala, ndipo anakhalitsa kumeneko kuposa mmene ntchitoyo inkafunira.

M'mawa mwake anasamba, navala mkanjo wake woyera wa Lachisanu, ngakhale linali Lachiwiri. Anasesa pansi pa mango, nayala zipika pa mathunthu atsopano, naimika mayiki pakati. Dzuwa litafika paliwombo anatsekula pulogalamu yotuwa ija, nayatsa nyimbo yoyala, nakanikiza batani lofiira. Kenako anakhala pa malo ake atsopano. Abiti Jafali ulendo uno sanakhale pakhonde. Anabwera ndi mphasa n'kukhala mumthunzi momwemo, chapatali pang'ono.

Nyenje zinasiya. Sipika inazungulira kamodzi, kawiri, kasanu, kasanu ndi kawiri. Palibe chinalira. Twaibu anayamba kuopa kuti wachedwa, kuti wawatopetsa mpaka alephera kubwera, ndipo mantha amenewo anaposa onse a masiku apitawo.

"Achimwene," anatero chapansipansi, "lero sindikuvutitsani. Kamodzi kokha."

Phewa linazizira. Chipika chakumapeto chinalira, mofooka kwambiri, moti akanapanda kutchera khutu sakanamva. Twaibu analowa nacho pamodzi. Anayenda nawo mzere woyamba, wachiwiri, ndodo zake zikutera pomwe pakunjenjemera. Manja anayamba kupepuka. Anasiya kuyang'ana zipika, natseka maso. Malo ovuta aja anali kubwera, ankawamva akuyandikira, ndipo dzanja lamanzere linafuna kubwerera monga linazolowera. Analuma mano. Dzanja linadumpha zipika ziwiri, linatera pake, linabwerera.

Nyimbo sinaime. Inapitirira, yathunthu, n'kuzungulira kuyambiranso, ndipo mawu achitatu aja anatuluka pakati pake omveka bwino kuposa kale lonse. Twaibu anaimba ngati mwana wa m'munda, thukuta likutsika, mutu ukugwedezeka, akuseka yekha. Anadutsanso pa malo ovuta paja osaganiza n'komwe. Anthu kumsewu anali atadzaza, ndipo akuti ena mwa akuluakulu anavula zipewa. Anaimba mpaka mikono inalema, ndipo sipika itafika kumapeto anatsekera ndi zipika ziwiri nthawi imodzi, monga ankatsekera bambo ake.

Kunali chete. Anakhala ali chitsekere maso, akupuma mwamphamvu, chimwemwe chitadzaza chifuwa.

"Mwamva, achimwene?" anatero. "Ndaigwira. Mwamva?"

Palibe chinayankha. Anadikira. Kenako anazindikira kuti phewa lake lakumanzere likutentha ndi dzuwa ngati linzake, ndipo sankadziwa kuti layamba liti.

"Anasiya kale, bambo a Shakira," anatero Abiti Jafali mofatsa. "Mutangodutsa pa malo paja koyamba. Maulendo atatu onsewa mwazungulira nokha."

Laputopu inali ikujambulabe, ndipo palibe anaganiza zoiimitsa. Twaibu anaika ndodo pansi, naphimba nkhope ndi manja, nalira maliro amene sanalire tsiku loika achimwene ake.